Barele wa Che Binali

Munthu akagona m'chitokosi koyamba, funso lake la m'mawa limadziwika. Ena amafunsa za belo, ena za ana, ena amangolira kuti awaimbire mlamu wawo wa ku Lilongwe amene amadziwana ndi akuluakulu. Sajeni Rosemary Kalumbu anali atawamva mafunso onsewa pa zaka khumi ndi ziwiri za upolisi wake. Koma Loweruka limenelo atatsegula chitseko, bambo wa ndevu za imvi amene anakhala pakona atapinda miyendo anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Mayi, kodi mpheta akuingitsa ndani kumunda?"

Bamboyu anali Che Binali Saidi, mlonda komanso wothirira pa munda wa kafukufuku wa ku Milaza, kufupi ndi nyanja. Pamundapo ankalimapo barele, mbewu imene anthu ambiri a ku Salima amangoimva m'Baibulo. Kwa zaka zisanu akatswiri anali akusaka mtundu wa barele wopirira kutentha ndi dothi la mchere. Chaka chino anadzala mitundu 120, uliwonse pa bedi lake, mochedwa dala kuti ukumane ndi dzuwa la Okutobala. Mtundu umodzi wokha, nambala 88, ndi umene unabereka. Ndiye Lachisanu masana wina analowa m'mundamo n'kumweta bedi lathunthu. Madzulo ake apolisi anapeza beseni la ngala za barele kunyumba kwa Che Binali. Lolemba ankayembekezeka kukaonekera ku khoti, ndipo mlandu wotere munthu amakaseweza zaka.

"Che Binali, ndende ikukuyang'anani m'maso, inu mukuganiza za mbalame?" anatero Rosemary.

"Mpheta sizidziwa khoti, mayi. Zimadzuka m'mawa ngati masiku onse."

"Munaba barele uja?"

"Wallahi sindinabe. Wa m'beseniyo ndi wa m'mizere ya m'mphepete, wongotchingira munda. Ndimapatsa nkhunda zanga chaka ndi chaka, ndipo anandiloleza."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kumene ndimakhala Lachisanu lililonse. Ku mzikiti. Ndimatseka geti thwelofu, ndimabwerera thu koloko."

"Akudziwa zimenezi ndani?"

"Ngakhale mbuzi za ku Milaza zikudziwa."

Rosemary anawayang'anitsitsa. Mbava anaziona zambiri, zolira ndi zolusa zomwe, koma sanaonepo mbava yodera nkhawa munda umene yakolola kale.

"Tandiuzani chinthu chimodzi. Ngati barele wobereka uja anapita, mphetazo zikadya chiyani choti inu mudandaule nacho?"

Che Binali anayang'ana khoma ngati palembedwa nkhani.

"Limenelo sindiyankha."

"Mukapanda kuyankha mukhala muno."

"Ndikhala, mayi," anatero, n'kupindanso miyendo yawo.

*

A Insipekitala Pitala, amene ankayang'anira kapolisi kameneko, sankakonda milandu yokhala ndi mchira. Anali munthu wofuna kuti fayilo ikatsegulidwa m'mawa, masana ikhale itatsekedwa, iwo akadye chambo mtima uli m'malo.

"Sajeni, mlandu uwu unatha dzulo," anatero. "Katundu tamupeza, munthu tamugwira. A Dokotala Kapakasa aimba kale kawiri. Mukufunanso chiyani?"

"Bedi lonse silingakwane m'beseni, bwana. Wotsalayo ali kuti?"

"Akanena ku khoti."

"Ndikufuna njinga yamoto."

"Ilibe mafuta."

"Ndiye ndikwera kabaza," anatero Rosemary, ndipo anatuluka asanamuuze kuti atuluke.

Anayambira ku boma, kunyumba kwa a Dokotala Elliot Kapakasa, mkulu wa kafukufukuyo. Anawapeza pakhonde, laputopu pamiyendo, malaya a manja aatali ngakhale kunja kunali ng'anjo. Anali munthu woyankhula pang'onopang'ono, ngati mawu aliwonse akuwalipiritsa.

"Sajeni, inu simungamvetse chimene dziko lataya," anatero. "Masamba a mtundu umene uja tinawatumiza kunja, anakayeza DNA. Anapeza kuti uli ndi chibadwa chimene barele wina alibe, chotha kutsekereza mchere ku mizu. Koma popanda mbewu yeniyeniyo, zonsezo ndi mapepala chabe. Zaka zisanu zathera m'mimba mwa nkhunda za munthu wosadziwa ndi kulemba komwe dzina lake."

"Dzulo munali kuti, a Dokotala?"

Anaseka pang'ono, akukanda dzanja pamwamba pa wotchi. "Mukundifunsa ine? Ndinanyamuka eyiti koloko kupita ku msonkhano ku Lilongwe. Ndabwera lero m'mawa."

"Kumunda munapitako liti komaliza?"

"Mu Ogasiti, tsiku limene tinalandira alendo a makampani a mbewu. Ntchito yanga ndi ya mutu, Sajeni. Kumunda kuli anthu ake."

"Ndamva kuti m'mundamo mulibe zikwangwani. Munadziwa bwanji kuti bedi lomwetedwalo ndi la 88?"

"Zikwangwani anazula Lilian, wothandizira wanga, alendo aja atapita. Ankati ena ankajambula kwambiri. Dzulo anandiimbira kuti amweta mzere wachinayi, bedi la seveni. Ndinayang'ana pa mapu, n'kuona kuti ndi lomwelo."

"Mapuwo ali ndi ndani?"

"Ine ndi Lilian basi. Koma Binali safuna mapu, amagona momwemo." Anakandanso dzanja, kenaka khosi. "Udzudzu wa kuno," anatero.

Rosemary analemba zonse. Potuluka anadutsa pa galimoto yawo yoyera, yaitali ngati ya nduna. Pa galasi la kumanja pankalendewera kachingwe ka mlaza kouma. Anakaona, koma sanadziwe choti achite nako.

*

Anafika ku Milaza dzuwa lili paliwombo. Phokoso analimvera kutali: zitini zikulira, ndi mawu a mkazi akukuwa, "Haa! Haa!" Munda wonse unali wofiirira, mabedi ang'onoang'ono ngati mphasa atandandalikidwa m'mizere. Kwa munthu wongofika onse anali ofanana, ngala zili njo, ndevu zake zitaloza kumwamba. Pa mzere wachinayi panali dazi, ziputu zokhazokha.

Wokuwayo anali Lilian Kaundama, katswiri wa mbewu wa digiri ziwiri, atavala chipewa cha mlaza cha Che Binali, milomo itauma gwa. Ankakoka chingwe chimene anamangirirapo zitini za miyala.

"Ndafotokoza kale dzulo," anatero osasiya kukoka. "Che Binali atabwera ku mzikiti anapeza pamwetedwa, anandiimbira, ine n'kuimbira a Dokotala. Ndinali kuchipatala ndi mwana, makadi alipo."

Rosemary anakulira kwa Maganga, m'minda ya mpunga, ndipo anaingitsa mbalame asanayambe ndi sukulu yomwe. Anayamba kuyang'ana zimene mwana wa mlimi amayang'ana. Zingwe za zitini zinali zinayi, zochokera ku ngodya zonse za munda, koma sizinkakumana pa dazi lija ayi. Zinkakumana pa bedi loyandikana nalo, lachisanu ndi chitatu. Kanjira kopondedwa mpaka kuuma kanazungulira bedi lomwelo. Zitosi za mbalame zinali pomwepo. Ndipo mpheta zikabalalika, zinkazungulira mumlengalenga n'kubwerera pamalo amodzimodziwo, mabedi ena onse osawayang'ana n'komwe.

Rosemary anawerama pa dazi paja n'kutola ngala ziwiri zimene wakubayo anagwetsa, imodzi n'kuiika mu envelopu. Inayo anaifikisa m'manja, n'kuuzira. Zonse zinauluka, m'dzanja munatsala mbee. Anatambasula dzanja n'kuthyola ngala imodzi pa bedi la zitini.

"Musakhudze!" anakuwa Lilian.

Koma Rosemary anali atafikisa kale. Atauzira, m'dzanja munatsala njere zonenepa, zolimba, zoposa makumi awiri.

"Achemwali," anatero, "wakuba uja anaba mankhusu. Nambala 88 ndi uyu. Inu mukudziwa, Che Binali akudziwa, mpheta zikudziwa. Nanga bambo aja akugoneranji pa simenti?"

Lilian anasiya chingwe, n'kukhala pansi pa mzere. Misozi inatsika, koma mawu ake anali aukali.

"Mukuganiza kuti ndagona tulo ine? Anandilumbiritsa ndi iwowo, apolisi asanafike. Anati, 'Mwanangu, wakubayu akamva kuti waphonya, abweranso. Barele watsala masiku atatu kuti akhwime bwino. Ine masiku atatu ndipirira, iwe ukhale chete, uziingitsa mbalame.' Ndinakana, anandikalipira. Zaka zisanu akhala akuthirira mbewu imeneyi ndi khasu ndi ndowa pampu ikafa. Amati alimi a m'madambo a mchere adzapeza chodzala m'chilimwe."

"Wakubayo anaphonya bwanji?"

"Chifukwa cha chulu. Mapu anajambulidwa mu ofesi. Tsiku lodzala, Che Binali anandiimitsa pa mzere uno, bedi lachitatu. Anati apa panali chulu chimene anagumula kale, dothi lake ndi lachonde, chilichonse chodzalidwapo chidzatinamiza. Ndiye tinadzalapo barele wamba wongotsekera malo, mitundu yonse n'kuisunthira kutsogolo bedi limodzi. Wa seveni anakhala wa eyiti. Ndinalemba m'buku la kumunda, lili mu shedi umo."

"A Dokotala analiwerenga?"

"Buku lija lili ndi matope, Sajeni. Sanaligwirepo."

Rosemary anaimirira. Choncho wakubayo anali munthu wodziwa nambala koma wosadziwa munda, wowerenga mabedi ndi chala pa pepala. Akuganiza zimenezi anazindikira kuti akudzikanda. Anayang'ana dzanja lake. Tindevu ta barele tinali titalowa m'mphepete mwa malaya ndi m'masokosi, ndipo khungu linali litatuluka timizere tofiira.

"Zimayabwa masiku angati izi?" anafunsa.

"Ngati simunazolowere, awiri kapena atatu. Ndipo pa nsalu sizichoka, ngakhale muchape."

Rosemary anakumbukira udzudzu wa a Dokotala, woluma pa wotchi ndi pakhosi pokha.

*

Kuyabwa si umboni. Woweruza angaseke, ndipo khoswe wa pa mkhate sapheka chisawawa. Rosemary ankafuna munthu wa maso amene anaona galimoto yoyera ija Lachisanu. Vuto linali loti wakubayo anasankha bwino nthawi: amuna onse a ku Milaza anali mu mzikiti, akazi ali m'makhitchini.

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, anakaima pa mphambano pamene msewu wa mchenga wochokera ku Milaza umakumana ndi tala. Pamenepo galimoto iliyonse imayenda pang'onopang'ono, ndipo amayi ogulitsa nsomba amaithamangira. Wamkulu wawo anali mayi Maggie, amene pakamwa pawo sipankatseka ngakhale akutafuna.

"Galimoto yoyera ya adokotala a udzu aja? Iii, mwanditengera mawu m'kamwa, achemwali anga! Ndakhala ndikuwauza anzangawa kuti bambo aja Lachisanu anadwala. Munthu amene uja ndi kasitomala wanga, koma kuuma kwake! Amanenerera chambo ngati akugula ng'ombe, amachinunkhiza, amachitsegula makha. Koma Lachisanu ndangoti ndaima kutsogolo ndi nsomba zanga, iwo, 'Bweretsani, bweretsani, fulumirani!' Osanenerera ngakhale pang'ono. Thukuta lili kamukamu."

"Inali nthawi yanji, mayi?"

"Azana ya ku mzikiti inali italira kale, amuna atalowa kukapemphera. Wani koloko inali isanakwane, chifukwa mthunzi wa mtengo uwu unali usanafike pa mwala apo."

"Amachokera mbali iti?"

"Ku Milaza, nanga kunonso kuli njira ina? Ndiye china chodabwitsa, masiku onse amatsegula kumbuyo, ali ndi chibokosi chawo cha ayezi. Ine ndazungulira kuti nditsegule, iwo, 'Ayi, ayi, musatsegule! Mangani pa galasi!' Bwana wathunthu, nsomba pa galasi ngati minibasi! Ndinamanga ndekha ndi mlaza, mfundo yanga ya kawiri. Kodi alakwa chiyani?"

"Mungakanene zimenezi pamaso pa woweruza?"

"Ine? Ngakhale pa wailesi!" anatero mayi Maggie.

*

Lolemba m'mawa galimoto yopita ku khoti inali italira kale. A Insipekitala Pitala anaima pakhomo la ofesi ndi fayilo m'manja. A Dokotala Kapakasa anali atafika kudzasainira sitetimenti yawo, atavala suti.

"Sajeni, tulutsani mkaidi, akwere," anatero a Pitala.

"Sakwera, bwana."

Wapolisi wa pa kauntala anasiya kulemba.

"Mwati bwanji?"

"Ndati Che Binali sakwera galimoto imeneyo. Mukafuna ndilembeni mlandu wa kusamvera, ndisaina ndi dzanja langa. Koma mundipatse kaye mphindi zisanu ndi makiyi a galimoto ya a Dokotala."

Rosemary ankadziwa kuti akaphonya apa, mwezi wamawa adzakhala akulondera geti ku malire a dziko. Koma mantha ndi mkwiyo zikakumana, mwa iye unkapambana ndi mkwiyo.

"Ichi ndi chipongwe," anatero a Dokotala. "Insipekitala, mukudziwa amene ndingawaimbire?"

"Aimbireni, bwana, abwere adzaonere limodzi," anatero Rosemary. "Munati simunaponde m'munda chichokereni Ogasiti. Mu Ogasiti barele anali wamwana, analibe ngala. Ngati ndi choncho, m'galimoto mwanu simungapezeke ndevu za barele wouma. Titsegule, ndichite manyazi ndine."

A Pitala anayang'ana a Dokotala, kudikira kuti aponye makiyi patebulo monyada. Makiyi sanatuluke. Apa m'pamene nkhope ya a Insipekitala inasintha, pakuti ulesi anali nawo koma uchitsiru analibe.

"Tipatseni makiyi, a Dokotala," anatero.

Kumbuyo kwa galimoto kunali kosesedwa bwino, kununkhira sopo. Koma kapeti yake inali itagwira tindevu tachikasu mazanamazana, toima ngati ubweya wa nkhumba. Tina tinali pa mpando wa dalaivala. Pansi pa tayala la sipeya panali sizasi yaikulu yodulira maluwa. Rosemary anamasula kachingwe ka mlaza pa galasi n'kukaonetsa.

"Mfundo ya mayi Maggie a pa mphambano ya ku Milaza. Anakumangirirani chambo Lachisanu wani koloko isanakwane, nthawi imene inu munali pa msonkhano ku Lilongwe."

"Ndine mkulu wa kafukufuku ameneyu," anatero a Dokotala. "Ndili ndi ufulu wotenga mbewu yanga nthawi iliyonse. Ndinaisunga pabwino. Dziko lino silidziwa kusamala zinthu za mtengo wapatali."

"Munaisunga kwa alendo a mu Ogasiti aja? N'kusiya bambo wosalakwa akaseweze m'malo mwanu?" Rosemary anatulutsa envelopu m'thumba. "Ndiye ndikumverani chisoni, chifukwa ndili ndi uthenga wa maliro. Iyi ndi ngala ya pa bedi limene munamweta."

Anaifikisa m'manja pamaso pawo, n'kuuzira. Mankhusu anaulukira pa suti ija. Anatambasula dzanja lopanda kanthu.

"Mwawatumizira zimenezi anzanuwo. Nambala 88 ali chilili m'munda, ndipo amayi a ku Milaza amuzungulira kuyambira dzulo."

"Bodza!" anakuwa a Dokotala. "Mzere wachinayi, bedi la seveni! Ndinawerenga kawiri ndisanadule!"

Wapolisi wa pa kauntala, amene anali atawatsatira panja, anafunsa mwaulemu ngati mawu amenewo awalembe momwemo. A Pitala anati alembe.

Che Binali anatuluka m'chitokosi akutsimphina, chifukwa simenti ya masiku atatu si ya munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Anawabwezera lamba, kofiya ndi nsapato zawo. Pakhonde anakumana ndi a Dokotala akuwavula tayi ndi wotchi. Rosemary ankaganiza kuti bamboyo alavula, kapena atukwana, ndipo sakanawaletsa. Koma Che Binali anangoima, n'kuvala kofiya yawo bwinobwino.

"Bwana," anatero, "pa bedi lachitatu panali chulu. Mukanandifunsa ndikanakuuzani, ngakhale tsiku lomwe tinadzala. Koma zaka zisanu zonsezi simunandifunsepo kanthu, ngakhale dzina la mwana wanga."

A Dokotala ankayang'ana mankhusu amene anamatirira pa suti yawo.

A Pitala anakhosomola, n'kunena kuti galimoto ya ku khoti ija, poti yalira kale, ikhoza kukawatula Che Binali kunyumba kuti akasambe ndi kupuma. Kumeneko kunali kupepesa konse kumene akanatha.

"Kunyumba ayi," anatero Che Binali. "Lero ndi tsiku lachitatu. Lilian anati sadula ndisanafike, ndipo dzuwa likakwera ngala zimayoyoka." Anatembenukira kwa Rosemary. "Mayi, inu munaingitsapo mbalame?"

"Kwa Maganga, ndili mwana."

"Ndinaona m'maso mwanu tsiku lija. Tiyeni, mukagwire chingwe chimodzi. Ine manja awiriwa akhala ndi ntchito."